Chala cha Agogo Nambewe pa Msongolo Wanga

Phokoso limene silinachoke m'makutu mwanga ndi la lezala akugunda pa mbale yachitsulo m'mamawa, agogo Nambewe akudula pilitsi pakati, utsi wa zitsononkho ukutiwawa m'maso, nkhuku zikukangana kuseri kwa nkhokwe. Kachidutswa kakathawira pansi, ankagwada n'kukafunafuna m'fumbi mpaka atakapeza.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinakulira m'manja mwa agogowa ku Balaka. Nditangoyamba sukulu ndinayamba kudzuka zikope zitatupa, kenako miyendo ndi mimba, mkodzo ukuchita thovu ngati muli sopo. Anthu pamudzi anati ndi tsempho, wina wosadzisunga anathira mchere m'ndiwo zanga. Kuchipatala chachikulu anati ndi impso, ndipo chimene chinkazivulaza ndi chitetezo cha m'thupi mwanga momwe, matenda osaonekaoneka. Anatipatsa mapilitsi oyera otchedwa prednisolone, n'kuchenjeza agogo kuti mankhwalawa sasiyidwa mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono monga anenera adokotala.

Kutupa kunaphwa, koma mankhwalawo anabwera ndi zawo. Njala inkandigwira ngati sindinadyepo chibadwire, masaya anafufuma, anzanga kusukulu n'kumanditcha Chitumbuwa.

Tsiku lina anabwera malume anga a Fayisoni kuchokera ku Liwonde. Atangondiona anaika chikwama pansi.

"Amayi, mwanayu mumupha ndi mapilitsi anuwa. Taonani nkhopeyi, watupanso. Tayani zimenezi, tipite naye kwa asing'anga."

Agogo sanakweze mawu. Anandiitana, anadinikiza chala chachikulu pa msongolo wanga, n'kuchichotsa.

"Waona dzenje pamenepa?"

"Ayi," anatero malume.

"Kutupa kwa matendawa chala chimasiya dzenje. Uku n'kunenepa. Nkhope idzabwerera yokha, koma impso sitingakabwereke kwa aneba ngati sefa."

Malume anabwerera osadya, ine ndinapitiriza kumwa mankhwala. Matendawo anabweranso kangapo ndisanamalize pulayimale, makamaka ndikadwala chimfine, ndipo ulendo uliwonse agogo ankamanga chitenje n'kundikweza pa kabaza kutupa kusanafike m'mimba. Ankati, "Matenda obisa ali ngati chinangwa, amakulira pansi."

Agogo anamwalira ndili ndi ndevu kale. Pano ndili kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Doha, ndine mlonda pa shopu yaikulu ku Al Aziziya, ndipo ndimagona m'dera lotchedwa Old Airport m'chipinda chimodzi ndi Amalawi anzanga. Zaka zambiri zinadutsa osatupa, mpaka ndinayamba kuiwala. Chaka chatha nsapato zantchito zinayamba kundithina, ndipo nditadinikiza msongolo dzenje linatsala. Kuno munthu amaopa kudwala. Ndinkaganiza kuti abwana akamva za impso kontrakiti itha, ndibwerera kumudzi chimanjamanja. Ndinabisa matendawo masiku angapo, mawu a agogo aja akundisowetsa mtendere.

Amene anaona ndi a Idrissa, dalaivala wachikulire wa ku Mangochi amene bedi lawo lili pansi pa langa.

"Achimwene, mapaziwo ndi anu kapena mwabwereka kwa njovu? Mawa muli off. Yalla, tisazengereze, ndikakusiyani kuchipatala, ndipo musayambe zoti muli bwino."

Adokotala anayeza magazi ndi mkodzo, n'kundifunsa za ubwana wanga wonse. Anati matenda abwereradi, koma impso zikugwirabe ntchito bwino. Ena amene anayamba ali ana amafika msinkhu wanga impso zitafooka. Anati ndiyambirenso mankhwala aja, ndipo azindiyezanso shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mafupa, chifukwa kumwa mapilitsiwa nthawi yaitali kuli ndi mtengo wake. Kenako anafunsa amene ankandisamalira ndili mwana. Ndinati agogo anga. Ndinafuna kunena zambiri, koma Chingerezi changa sichinakwanire.

Kuntchito anandipatsa masiku opumula, ndipo kontrakiti sinathe. Tsiku loti ndibwerereko, ndikumanga mabatani movutikira, a Idrissa anatsegula kabati yawo n'kutulutsa shati yoyera yositidwa bwino, yaikulu kuposa yanga.

"Ndakuonani mmene mukudyera masiku ano. Yanuyo mwezi wamawa siidzatseka. Tengani iyi, mudzabweza mukadzaphwa."

Anaiika m'manja mwanga, anatola makiyi a basi, n'kutuluka.