A Pearson, Mneneri wa ku Soche

A Pearson a ku Soche anali mneneri wodziika yekha. Ku mishoni anawachotsa pa ntchito yoliza belu chifukwa cha mowa, ndipo sabata yomweyo analota mngelo. Ife tinangoti mngelo ameneyo anadziwa kusankha nthawi.

Ulosi wawo unali wophonya. Azungu akuyala njanji, iwo analalikira kuti sitima sidzafika ku Limbe, Mulungu wakana. Tsiku limene inafika, anthu anawapeza pa siteshoni akugulitsa nthochi. Akati lero kugwa mvula, amayi ankayanika mphale mosadandaula. Nkhuku ya nsembe ankaipempherera ili kale m'mimba. Komabe anali ndi kampingo kawo, poti pakamwa panali pokoma, ndipo kuimba kokha ankatha.

Nkhondo ya Ajeremani itatha, kunabwera chimfine chija chimene chinapulula anthu ngati chitopa. Chinatenga Che Kalimu, Msilamu woyendetsa ngolo. Abale awo onse anali gone, shehe nayenso akubuula kwawo. Mkazi wa Che Kalimu, mayi Aminatu, anatsala okha ndi mtembo, wousambitsa palibe. Kunkamveka kuti mitembo yosowa eni ikukwiriridwa m'dzenje limodzi, yosasamba, yopanda nsanda. Chimenechi ndicho chinkawaliza mayiwo kuposa imfa yeniyeniyo. Tonse tinkamva kulirako, tonse tinatseka zitseko.

A Pearson anatulukira atalawako, mphuno atamanga chisanza. Akulu a kampingo kawo anawatsekereza panjira.

"Abambo, mukakhudza mtembo wa Msilamu, ife tachoka!"

"Pitani bwino," anatero a Pearson. "Nkhuku zanu zinali zowonda kale."

Atafika anaodira ngati mlendo. "Amayi, zachisilamu ine sindizidziwa. Imani pakhomopo, muzindiuza chochita."

Mayi Aminatu anawauza zoyambira kumanja, ndi kuti thupi likhale lofunditsidwa. Mneneri anasambitsa, akutukwana chapansipansi. Pakati pa ntchito anathamangira kunja kukasanza, n'kubwereranso. Nsanda itasowa, anavula mkanjo wawo woyera, uja ankanena kuti anawasokera ndi angelo, n'kuung'amba. Manda anakumba okha, ali ndi kansalu m'chiuno, akulozetsa dzenje kumene Asilamu amayang'ana popemphera, monga mayiwo anawalozera.

Sindikunena kuti anasanduka woyera mtima, ayi. Mowa sanasiye mpaka imfa yawo, ndipo bodza linali ndiwo zawo za tsiku ndi tsiku. Koma ine ndinawakonda kuyambira tsiku limenelo.

Atakwirira, mayi Aminatu ananena mawu a pemphero amene ankawadziwa. Mneneri anaima kumbuyo, khasu lili m'manja, ndipo analira chokuwa, mamina ali chuchuchu, kuposa mwini maliro. Mapeto ake namfedwa ndi amene anawagwira dzanja.

"Basi abambo, tontholani. Amuna anga apita osamba."