Masamba Amene Atsibweni Anasuta

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, chaka chimene ndinasiya sukulu ndili giredi faifi n'kuyamba kuthandiza kusankha fodya kwa atsibweni anga ku Mwase Lundazi. M'chigafamo munkagwiranso ntchito mayi wina wochokera ku Kasungu, amayi Nabanda. Ataona kuti ndimawerenga chilichonse, ngakhale zolemba za pa thumba la feteleza, anandibweretsera buku lonenepa lopanda chikuto, lonunkha utsi.

Inali nkhani ya mtsikana wa kwawo ku Kasunguko amene ananyamuka yekha kukafuna mlongo wake wosowa m'maesiteti. Ndinkawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mzere, tsiku lina masamba awiri, tsiku lina limodzi lokha. Zinanditengera miyezi inayi. Ine amene ndinkaopa kulankhula ndi anthu, mtsikana uja ndinkamudziwa kuposa anzanga a pamudzi. Akagona ndi njala, nanenso chakudya chinkandikanika.

Fodya atatha, amayi Nabanda anapempha amayi anga kuti ndiwaperekeze kwawo, ndikawaberekere mwana panjira. Amayi anavomera. Pamenepo n'kuti nditatsala ndi masamba ochepa akumapeto, ndipo ndinadziletsa kuwatsegula. Ndinkafuna kukamva ngati mlongo uja anapezeka nditakhala pa dothi lomwelo limene mtsikanayo anapondapo. Bukulo ndinalisomeka kudenga kwa chigafa kwa milungu iwiri, ndipo tsiku la ulendo ndinangolikulunga m'chitenje osaliyang'ana.

Titadutsa malire, maso anga sanapume. Mayina amene ndinkawatchula movutikira m'buku ndinawaona atalembedwa pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu. Phiri la Kasungu litaonekera ndinagwira amayi Nabanda pamkono, iwo n'kuseka, amvekere ndikuchita ngati ndaona wachibale. Ngakhale anyamata a kabaza pa depoti ankaitanira anthu monga momwe ndinawerengera.

Masana a tsiku lotsatira ndinakhala pakhonde pawo, mwana atagona, n'kumasula chitenje. Ndinawerenga tsamba limodzi, mtsikana uja atafika pa chipata cha esiteti yomaliza, mlonda akubwera kudzamutsegulira. Nditatembenuza, panalibe kanthu. Panangotsala timizere ta mapepala ong'ambika m'mphepete mwa ulusi. Pomwepo ndinakumbukira atsibweni atakhala pa mpando wawo akupichira fodya wa chingambwe m'kapepala kolembedwa, akunyambita m'mbali mwake. Ndinawaona kangapo konse m'milungu iwiri ija, osaganiza kanthu. Amayi Nabanda sakanandithandiza, chifukwa iwo sankadziwa kuwerenga. Bukulo linali la malemu mchimwene wawo.

Masiku atatu amene ananditsalira ku Kasungu dziko lija linandiwawa. Ndinkaona anthu mumsika n'kumaganiza kuti aliyense akudziwa mathero ake kupatula ine.

Nditabwerera kwathu ndinapita pamene anakhala atsibweni, n'kuika bukulo patsogolo pawo litatseguka pong'ambikapo. Mawu anandikanika, ndinangowayang'ana m'maso. Iwo anaseka.

"Yayi, mwana wane, ndinang'amba kumbuyo kokha, kutsogolo sindinakhudzeko. Koma pepala lake n'labwino, silizima msanga."

Amuna awiri amene anali nawo anaseka nawo. Mmodzi anafunsa ngati buku lingandipezere banja. Ine ndinaimabe chomwecho, misozi ikutsika, maso osawachotsa pa iwo. Amayi anatuluka m'khitchini n'kundikoka pamkono.

"Iwe, atsibweni ako ukuwayang'ana choncho? Gwada, upepese."

Ndinagwada pafumbi. Ndinanena kuti pepani. Atsibweni anagwedeza mutu ngati munthu wokoma mtima amene wakhululukira mwana wopusa, n'kupitiriza nkhani yawo ya mitengo ya fodya.

Lero ndili ndi ana awiri, ndipo mpaka pano sindikudziwa ngati mlongo uja anapezeka. Ndafunsapo kwa ogulitsa mabuku akale pa msika wa ku boma, koma buku lopanda dzina ungalifunse bwanji? Atsibweni anakalamba, maso sakuonanso bwino. Ndimawapititsira chakudya, ndimawachapira, koma nkhaniyi sanaitchulepo, ndipo sindinama kuti ndinawakhululukira.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti chimene chimandiotcha mumtima ndi masamba aja. Ayi. Ndi pepani amene anatuluka pakamwa panga ndili wolakwiridwa. Tsiku limenelo ndinaphunzitsidwa kuti chinthu cha mwana wamkazi si chinthu, ndipo ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Ulemu ndimaudziwa, ana anga ndimawaphunzitsa kugwada popereka madzi kwa akulu. Koma mwana wanga wamkazi akadzabwera akulira kuti wamkulu wamuwonongera chake, sindidzamugwaditsa. Ndidzaima naye pamenepo, ngakhale mawu adzandikanike ngati kale.