Chaka Chimene Adokowe Sanatere ku Mathiriro

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Mukhiwa, ndimamva fungo la matope a ku mathiriro, paja kamtsinje ka kwathu kamathira mu Thuchila, matope akuda onunkha ngati mphika wa nsomba wogona osatsuka, osakanikirana ndi fungo la fodya wawo wa chingambwe amene ankapichira m'khoko la chimanga. Kenako ndimamva kutopa m'miyendo. Mkulu ameneyu anandiyendetsa ine, abale inu. Anzanga akaweruka kusukulu ankakasewera fulaye, ine ndili patsogolo, nsonga ya ndodo m'manja, agogo agwira nsonga inayo m'mbuyo, dzuwa la Okutobala likuwotcha mpaka phiri osaoneka bwino ndi utsi, tikupita kukayang'ana mbalame.

Agogo sanabadwire kuno. Ali mnyamata, Apwitikizi anawagwira kumudzi kwawo ku Mozambiki, kuseri kwa Milanje, n'kupita nawo kunyanja yamchere, cha ku Kelimane, kukakolola mchere pamalo pamene mtsinje waukulu umathira m'nyanjamo. Ankatiuza kuti kumeneko madzi amachoka okha n'kusiya matope mtunda wautali, kenako n'kubwerera okha popanda ndi dontho lomwe la mvula. Ife ana tinkaseka chakumbali, timvekere agogo awa bodza ndiye alidziwa. Ankatinso nyengo yotentha ikafika, pamatope pamenepo pankatera mbalame zochokera kutali, zazikulu ndi zazing'ono, zina za miyendo yoonda ngati udzu, zambirimbiri moti zikadzuka pamodzi dzuwa linkachita mthunzi. Iwo mapazi atang'ambika ndi mchere, kapitawo ali pambuyo ndi chikoti, ankaba mpata n'kumaziyang'ana. Amati pamalo ponse paja mbalame zokha ndi zimene zinkabwera ndi kuchoka osapempha chilolezo kwa munthu. Tsiku lina nawonso anachoka osatsanzika, anayenda mpaka anaona phiri la Mulanje, analembedwa ntchito kuesiteti ya tiyi, anakwatira agogo aakazi, n'kukhala mkamwini pamudzi pathu.

Nyanja anaisiya koma mbalame sanazisiye. Anapeza kuti ku mathiriro kwathu kuja, pomwe panali dambo ndi mkuyu waukulu, nakonso chaka ndi chaka kunkatera adokowe akuda a mimba yoyera, mvula yeniyeni ikayandikira. Iwo ankawatcha alendo. Ndipo anaika lamulo pakhomo: palibe kubzala alendo asanatere. Mvula ya chizimalupsa ikagwa, anthu n'kuthamangira kumunda ndi mbewu, iwo ankangopichira fodya wawo n'kunena kuti mvula imanama koma mbalame sinama. Mbewu yathu ya chimanga cha makolo inkakhala yomangirira m'makoko ake kutsindwi la khitchini yawo, yakuda bii ndi mwaye kuti anankafumbwe asailowe, ndipo woimasula anali iwo okha. Phando loyamba linkakhalanso lawo. Agogo aakazi anatsata lamulo limeneli mpaka kumanda, ndipo mayi anga anangolilandira ngati mmene analandirira mtondo ndi lichero.

Sindinganene kuti sankaphonya. Zaka zina ankaphonya ndithu. Koma zaka zambiri obzala msanga mbewu zawo zinkapserera m'nthaka, ife zathu n'kumera bwino, ndiye anthu anayamba kuwafunsa. Che Amidu, neba wathu amene anali ndi golosale pa Thuchila, ankaimitsa njinga pakhomo madzulo aliwonse a Novembala, phazi limodzi pansi, n'kufunsa ngati alendo aja afika. Agogo ankasangalala nazo kwambiri zimenezi. Munthu wobwera, wopanda munda wakewake, wopanda mbumba pamudzi, ulemu wake wonse unali pamenepa.

Kenako maso awo anachita ng'ala. Anayamba ndi kusokoneza mbuzi ndi galu, kenako ankangoona kuwala ndi mdima basi. Apa ndi pamene ine ndinalowa m'goli, poti ndinali wamkulu mwa ana a mayi. Ankanditchula kuti mwanaka, m'Chilomwe chawo, ndiye kuti mwana wanga. Tikafika ku mathiriro tinkakhala pachulu cha patali pang'ono ndi madzi, iwo n'kundilangiza kuti ndisasunthe, ndisaloze ndi chala, ndisayang'ane uku ndi uku ngati nkhuku, maso akhale pamatope chifukwa mlendo amadziwika ndi pomwe waponda. Ndiye mafunso: miyendo ndi yotani, mlomo ndi wautali bwanji, ikuyenda kapena ikuthamanga. Ndikati ndi kakowa basi, ankandikalipira kuti akakowa ndi eni mudzi, iwo akufunsa za alendo. Nyerere zikundiluma, mimba ikulira, ine ndikuwerengera nsabwe za m'mutu mwanga mmalo mwa mbalame.

Chaka choyamba ndili maso awo, adokowe anabweradi. Ndinawaona akutsika mozungulira, mwakachetechete, miyendo ili lendee, ena kutera pamatope ena mumkuyu mpaka nthambi kuwerama. Ndinaiwala malangizo onse, ndinaimirira n'kuloza ndi manja onse awiri. Agogo sanandikalipire. Anavula chipewa, anatembenuzira khutu kumene kunkamveka mapiko, ndipo anati fungo lake ndi lomwe lija la kunyanja. Tinabwerera kunyumba iwo ali patsogolo, ine ndikuchita kuwakoka kuti asagwere m'ngalande.

Chaka chachiwiri anabwera ochepa. Chaka chachitatu ndi chimene ndikufuna kunenachi.

Chilimwe cha chaka chimenecho anyamata a m'mudzi anapeza kuti dothi la ku mathiriro ndi labwino njerwa. Anakumba maenje dambo lonse, anamanga mauvuni, ndipo nkhuni zitasowa anagwetsa mkuyu uja. Kumene kunatsala anthu analimako madimba a tomato. Sindikuwanena anyamatawo, nawonso ankafuna sopo. Ine zonsezi ndinkaziona tsiku lililonse tili pachulu paja, koma sindinawauze agogo, chifukwa sanandifunsepo za mitengo kapena maenje. Ankandifunsa za mbalame. Utsi wa mauvuni ankaumva, nkhwangwa anazimvanso, koma ankayesa ndi za kutsidya.

Pakhomo zinthu zinali zitathina kale. Bambo anga anali atapita ku Joni n'kungoti zii. Makuponi a feteleza ndi mbewu sanatipeze. Mayi ankathyola tiyi kuesiteti, kuchoka kusanache, dengu kumsana, kubwera madzulo chitenje chili chonyowa, zala zitadetsedwa ndi masamba, msana osawongoka. Chiyembekezo chonse cha ife ana atatu chinali chimanga chija chili kutsindwi.

Chizimalupsa chinagwa, agogo anati dikirani. Tinadikira. Kenako inagwa mvula yeniyeni, ya masiku otsatizana, nthaka inafewa mpaka pansi, ngumbi zinatuluka. Mudzi wonse unabzala. Che Amidu anadutsa pakhomo ndi thumba la mbewu ya kusitolo pakaliyala, anapereka moni mwaulemu, koma phazi sanatsitse. Agogo anamva kulira kwa tcheni cha njinga kukutalikira.

Madzulo aliwonse tikabwera ku mathiriro mayi ankandiyang'ana, ine n'kupukusa mutu. Sanandiuzepo kuti ndiname. Anali munthu wa mapemphero, ndiponso bambo awo ankawaopa ndi kuwakonda pamodzi. Chimanga cha anzathu chitamera n'kuyamba kupaliridwa, mayi anagwada pakhonde la agogo n'kuwapempha bwinobwino kuti amasule mbewu, poti mmera m'poyamba. Agogo anayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Ababa," anatero mayi, mawu ali pansipansi, "maso a nkhono ana anga sadya."

Sindinawamvepo mayi akuyankha bambo awo chomwecho. Tsiku lotsatira ndinawapeza m'khitchini mwa agogo ataima pansi pa chimanga chija, mpeni m'manja, mutu uli chagada. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anaika mpeni pansi, anatenga ndowa n'kupita kumjigo. Ndinakwiya nawo tsiku limenelo, ndinakwiya ndi agogo, ndinakwiyanso ndi adokowe amene sanandilakwire kanthu.

Tinapitabe ku mathiriro. Tsiku limene ndimalikumbuka kwambiri kunali mitambo yolemera, mphepo yonunkha mvula, ndipo m'njira monse chimanga cha eni ake chinkandikhudza m'mawondo. Titakhala pachulu agogo anafunsa monga mwa masiku onse chimene ndikuona. Ine kutopa kunali kutandikwana. Ndinawayankha mwamwano kuti ndikuona makwangwala awiri, jumbo yabuluu yokodwa pabango, uvuni wa njerwa, ndi maenje odzadza madzi, basi. Kenako anafunsa kuti nanga mumkuyu muli chiyani.

"Mkuyu uti, agogo? Si anadula kalekale uja."

Ndinayesa adzandikalipira. Mmalo mwake anaimirira n'kundipatsa nsonga ya ndodo kuti ndiwaperekeze pomwe panali mtengowo. Tinayenda mokhotakhota kulambalala maenje, mapazi awo akupunthwa pa zidutswa za njerwa, iwo akuima kawirikawiri n'kumapapasa pansi ndi chala chachikulu cha kuphazi, kufunafuna matope aja ankawadziwa. Titafika anawerama n'kuyendetsa manja pachitsa chonse, kuzungulira, ngati mmene munthu amasambitsira mwana. Kenako anakhala pomwepo. Anatulutsa fodya, anapichira, koma sanayatse. Anyamata a njerwa anatiyang'ana n'kupitiriza ntchito yawo. Tinakhala mpaka mvula inayamba kuwaza.

"Tiye, mwanaka," anatero. "Alendo afika."

Ndinayang'ana pamatope otsalawo, ndinayang'ana m'mabango. Ndinawauza kuti kulibe kanthu.

"Ndati afika. Ukafika kunyumba pakamwa pako pakhale potseka."

Tinapeza mayi atangofika kumene, akumasula dengu. Agogo anaima pakati pa bwalo, mvula ikuwanyowetsa, n'kunena mokweza ngati zaka zonse kuti alendo atera, mawa tibzale. Mayi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga. Mayi anadziwa, sindikukayika, chifukwa anazengereza kaye asanagwade n'kuwomba m'manja kuti zikomo ababa. Agogo analowa m'khitchini, anapapasa kutsindwi, anadula zingwe okha, mwaye ukuwagwera kumaso. Tinatonola chimangacho tonse, koma iwo sananene nthano ya kunyanja ngati mmene ankachitira potonola mbewu.

M'mawa mwake mayi anajomba kuesiteti. Titafika kumunda tinadikira kuti agogo abzale phando loyamba, koma iwo anati msana wawavuta, abzale ndi mayi. Anakhala pamzere wa kumalire, chipewa pamaondo, mpaka tinamaliza.

Tinali titachedwa. Mvula inadukiza chimanga chathu chikungoyamba kumasula, cha anzathu chitakhwima kale. Tinakolola tochepa, tosafika ndi pakati pa nkhokwe. Chaka chimenecho tinadya makaka, chinangwa chouma chija, tinadya mango owiritsa, tinadya gaga, ndipo mlongo wanga wamng'ono tsitsi linafiira. Palibe anafa, tithokoze Mulungu. Agogo ankakankhira mbale yawo kwa ife n'kumati mano akuwawawa, chikhalirecho mano analibe. Palibe anawanena pamaso. Koma palibenso anabwera kudzawafunsa za alendo, ndipo iwo sanandipatsenso nsonga ya ndodo kuti tipite ku mathiriro. Ine ndinamasuka, ndinayamba kusewera fulaye ngati anzanga, ndipo kunena zoona ndinasangalala. Chisoni chinandipeza mochedwa, iwo atapita kale.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndimagulitsa tomato ndi zinanazi pa Chinakanaka. Ndimabzala tsiku limene aneba abzala, nthawi zina ndimabzaliratu pouma n'kumapemphera. Mbewu ndimagula ya m'pepala. Ku mathiriro kuja tsopano kuli nyumba za malata, zomangidwa ndi njerwa zomwe zija, ndipo msana wanga wayamba kuyankhula chinenero cha msana wa mayi.

Novembala wathayu ndinkachokera kokaoda, dengu pamutu, mwana wanga wamkazi ali pambuyo ndi kathumba. Khosi linauma, ndiye ndinatula dengu m'mbali mwa msewu n'kupinda mutu chagada kuti ndiliwongole. Ndi pamene ndinawaona. Anali pamwamba kwambiri, pafupi ndi mitambo, akuda a mimba yoyera, gulu lalikulu ndithu, akuzungulira pang'onopang'ono osakupiza mapiko, akulowera cha ku Chilwa. Palibe ndi mmodzi yemwe anatsitsa miyendo. Zaka zonse zija agogo anandiphunzitsa kuyang'ana pamatope, monga iwo ankachitira kunyanja, ndipo ine ndinkayang'anadi pamatope. Mwina tsiku lija tili pachitsa analinso pamwamba pathu.

Mwana wanga anandifunsa chimene ndikulirira pamsewu anthu akuona. Ndinangoti alendo afika. Anayang'ana kumsewu, uku ndi uku, n'kufunsa kuti alendo ake ati. Koma ine sindinkayankhula ndi iye. Simunaname, agogo. Anafikadi, kungoti anasowa potera.