Tsiku Limene Amayi Analirira Mbuzi

"Aneba usamawaonetse zamumtima, amawerenga ndi misozi yomwe," anandichenjeza azakhali, ndipo mpaka lero sindikhulupirira munthu. Koma dzulo mdzukulu wanga atayanika buku lake lonyowa pamphasa, fungo la mapepalawo linandibweza ku malaini, nyumba za antchito a kuesiteti ya tiyi kumene ndinakulira.

Amayi anali atataya khanda la masiku awiri. Maliro otere salira. Ntchembere zinakaika mwakachetechete, n'kuwauza kuti, "Msozi usagwe, mungatseke mimba." Amayi anamvera. Anasiya kudya, anasiya kuyankhula, dengu lothyolera tiyi linangokhala pakhonde.

Ine ndinali ndi kabuku ka nthano kobwereka kusukulu ya mishoni, kovumbwa ndi mvula. Masana ena ndinakhala pambali pawo n'kumawerenga mokweza, modukizadukiza, za mbuzi imene inkayendayenda m'phiri kuitana mwana wake wosochera.

"Bwereza pamenepo," anatero. Anali mawu awo oyamba.

Ndinabwereza. Misozi yawo inayamba kudonthera patsambalo. Ine mantha, maso kwa aneba.

"Akafunsa, uwauze kuti ndikulira mbuzi," ananong'ona. Kenako analoza mbatata imene ndinawasungira m'mbale. "Tandisendera, mwanawe. Nanga mbuziyo inam'peza mwana wake?"