Anandituma kukamanga njati

Ndinafika ku Nsanje pa sitima ya pamadzi ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, nthawi ija azungu ankapatchula kuti Port Herald ndipo njanji inali idakali chinthu chopita kukaonera. Ndinachokera ku zilumba za Filipini, kutali kwakuti ngakhale ineyo ndikamalongosola ndimayamba kudzikayikira. Amayi anga atamwalira, bambo, amene ankasamala injini za sitima zoyenda pakati pa doko la Chinde ndi kuno, anabwera kudzanditenga. Ulendo wonsewo sanandiuze kuti kumene tikupitako ali ndi mkazi wina. Ndinangoona titafika kumudzi kwa Ndamera, mayi wamtali wa mphini pamphumi akundilandira mtolo osamwetulira. Posakhalitsa bambo anabwerera ku injini zawo, n'kundisiya ndi amayi ondipezawo.

Anthu a m'mudzimo anayamba ndi kukangana kuti ndine chiyani. Ena ankati ndine mzungu amene anapserera m'njira. Ena ankati ndine mmwenye, koma anzawo ankawafunsa kuti mmwenye wopanda sitolo anayamba amuonera kuti. Nkhalamba ina inkabwera m'mawa kudzagwira tsitsi langa kuti ione ngati layamba kupotana ngati la anthu. Ine ndinkangophethira. Chimang'anja sindinkachimva, Chisena ndiye usanene, ndipo sindinkadziwa n'komwe kuti ndi zinenero ziwiri, poti munthu mmodzi yemweyo ankayamba ndi china n'kumalizira china. Ndinkadya zimene andipatsa, kugona pamene andilozera, n'kumakalirira kuseri kwa nkhokwe.

Amayi ondipeza anali ndi mlongo wawo, amene anandiuza kuti ndiziwaitana malume. Malumewo anali mlenje wa pakamwa. Pamtengo wa pakhomo pawo anapachikapo chigaza cha njati, chimene mudzi wonse unkadziwa kuti anachitola kudambo. Tsiku limene ndinachiona ndinali ndi mtsuko pamutu. Mtsukowo unasweka, ine ndinathamanga n'kukachikumbatira chigazacho, ndikulira ngati ndaona mbale wanga.

Kwathu tinali ndi njati yathu, yaikazi, yonenepa, yaulesi. Ndinaphunzira kukhala pamsana pake ndisanadziwe kuyenda bwino. M'mawa inkakoka chikhasu chamtengo m'matope a mpunga, masana ndinkapita nayo kudziwe, ine pamsana, chingwe cha pamphuno chili m'manja, n'kukaikwecha ndi khoko la kokonati mpaka itatsinzina. Mvula ikatipeza panjira ndinkabisala pansi pa mimba yake. Amayi ankaikama, mkakawo n'kuuthira pa mpunga wotentha, kamchere pamwamba. Tsiku lonyamuka azakhali anga ndinangowatsanzika bwinobwino, koma njatiyo anachita kundikanganula pakhosi pake. Nyanga za chigaza cha malume zinakumana pamphumi n'kugwera m'mbali, pamene za yathu zinkapita chakumbuyo. Kusiyanako ndinakuona ndithu, koma ndinati mwina za kuno zimapesa mwa mtundu wina.

Lilime litayamba kumasuka, nkhani yoyamba imene ndinauza anthu inali imeneyi. Anaseka mpaka ena kugona pansi.

"Iwe, ukuti imalima?" anandifunsa bambo wina akupukuta misozi. "Khasu imagwira ndi mwendo uti?"

"Nanga amene wakama nyatiyo," anawonjeza mkazi wake, "mumamuika m'manda tsiku lomwelo kapena mumadikira abale?"

Ndinalumbira. Ndinagoneka mtondo pansi n'kuukwera kuti aone mmene timakhalira. Anthu anayamba kuchokera m'midzi ina kudzaona mtsikana wokwera mtondo. Kenaka bambo anga atadutsa tsiku lina, malume anawafunsa pagulu, iwo n'kuyankha mosasamala kuti inde, kwathu ana amaweta njati ngati mbuzi. Chiseko chinathera pomwepo. Munthu woyendetsa sitima ndi moto sangamaname zinthu zazing'ono, anatero anthu, ndipo anayamba kundipatsa moni ndi manja awiri.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanasekepo ndipo sanafunsepo kanthu. Amayi ondipeza akandipeza ndili pamtondo paja ankangoti m'Chisena chawo, "Leka kulonga pyenepi. Ndoko ukatunge madzi." Ankanditsekera pakamwa choncho anthu akuona, ngati mmene amachitira ndi mwana wabodza. Zinkandiwawa kuposa chiseko cha mudzi wonse. Ndinalibe chithunzi cha amayi anga, ndinalibe ngakhale kansalu kawo. Umboni wokhawo wakuti ndinakhalapo mwana wa munthu kwinakwake unali nkhani ya njatiyo, ndipo amene ndinkagona naye nyumba imodzi ankaitaya ngati madzi otsukira mbale. Ndinkafuna kuti iwowo andikhulupirire, ena onsewo ndinalibe nawo ntchito.

Madzi osefukira a Shire ataphwera tinabzala chimanga kudimba, ndipo chinakula mochititsa kaso. Chitayamba kubereka, njati yamphongo yokalamba, yothamangitsidwa ndi zinzake, inatuluka kudambo n'kudzakhazikika m'dimba la amayi ondipeza ngati yachita kulowa ufumu. Inkadya chimanga m'mawa, masana n'kugona m'thope pakati pa munda. Mfuti ya malume inalibe wonga. Wonga utapezeka, diso la malume linayamba kuwawa. Amayi ondipeza anatukwana, n'kukwera bwato m'mamawa kupita ku boma ndi nsomba zouma, kuti akafufuzenso munthu wa mfuti amene maso ake ali bwino.

Bwato lisanabisike n'komwe, malume anatulukira ndi gulu la amuna.

"Mwana wa mlongo wanga," anayamba motero, mawu amene anali asanandiitanirepo. "Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ife nyati timangodziwa kuithawa. Iwe umadziwa kuikwera. Pita ukaimange."

Ndinavomera msanga. Sikunali kulimba mtima ayi. Ndinadziona ndikulowa m'mudzi ndili pamsana pa njati, amayi ondipeza akutsika m'bwato, pakamwa pali yasa. Komanso ndinali nditaisowa kwambiri yathu ija, moti ndinkangofuna kununkhiza khosi la njati kamodzi kokha.

Anandipotera chingwe cha mlaza. Ndinapempha mchere ndi chitsononkho choikwechera, poti makoko a kokonati kunalibe. Tisananyamuke amuna awiri anagwirana pakhosi polimbirana kuti iyambe kulima munda wa yani. Mayi wina ananditambasulira chikho kuti ndikamubweretsere mkaka. Nditamuuza kuti njatiyo ndi yamphongo, anati, "Ukayeseko basi, za kwanuzi sizidziwika."

Mudzi wonse unandiperekeza mpaka pachulu china chachikulu, patali ndithu ndi dimbalo, ndipo pamenepo aliyense anakumbukira kuti mwendo wake ukupweteka. Ndinapitirira ndekha. Fungo ndilo linayamba kundipeza, la thope ndi udzu wobzikula, lomwe lija la kwathu. Akakowa anali ataima pamsana pake monga ankachitira kwathu. Maso anga anadzaza misozi. Ndinaliza lilime monga tinkaitanira yathu, n'kuilankhula m'chinenero cha kwathu, chimene ndinali nditatha miyezi osachitulutsa pakamwa.

Inadzutsa mutu n'kundiyang'ana motsatira mphuno. Kenaka inaimirira, ndipo inapitirizabe kuimirira, mpaka ndinadabwa kuti njati yonseyi ikuchokera kuti. Ndinatambasula dzanja la mchere. Inabwera, koma osati moyenda.

Mchere, chingwe, chitsononkho, chilichonse chinapita kwake. Ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka m'chimangamo, pansi pakugunda kumbuyo kwanga, mpaka nthaka inangotha pansi pa mapazi anga. Ndinali nditagwera m'chitsime chimene tinakumba tokha kuti tizimwa polima, chopapatiza, chozama kupitirira mutu wanga, madzi ndi thope lekeza m'chiuno. Njati inafika n'kuyesa kulowetsa mutu, koma nyanga zinakana. Inandithira dothi, inazungulira, inapemerera. Itatopa inangogona pomwepo, mphuno pamphepete pa chitsime, n'kuyamba kubzikula, dovu likugwera pamutu panga.

Anthu a pachulu anangoona ine ndazimiririka, njati yagona. Mphepo inkachokera kwa iwo, ndiye ndinkamva zonse.

"Waigoneka! Mwanayo waigoneka!"

"Khalani chete inu, akukambirana."

"Usafulumire, mwana wa mlongo wanga!" anakuwa malume. "Uiuze kuti munda wanga ndi wofewa, ulibe zitsa!"

Ndinakuwa kuti andithandize. Koma mantha anali atandilanda Chimang'anja chonse, moti zimene zinatuluka zinali za kwathu zokhazokha. Pachulu panamveka kuwomba m'manja. Wina anati tamverani mmene akuilangizira, ndipo nyatiyo yangoti phee, kumvera ngati mkamwini. Posakhalitsa ndinamva fungo la chimanga chowotcha. Wina anali atabweretsa mowa wa uchema, poti mawu a amuna anayamba kukwera, akukangana ngati njati yolima iyenera kukhoma msonkho. Mayi wa chikho uja ankakuwa nthawi ndi nthawi kuti ndisaiwale.

Dzuwa linafika paliwombo n'kuyamba kupendeka. Misundu inandipeza miyendo. Mawu atandithera ndinangoyang'ana kumwamba, ndipo diso lofiira la njatiyo linali pomwepo likundiyang'ana. Popeza panalibenso wina, ndinayamba kuiuza chapansipansi za amayi anga, za dziwe lathu, za mpunga wa mkaka. Inkangobzikula. Yathu ija ndikailankhula inkagwedeza khutu, koma iyi inkangodikira kuti ndituluke indiphe. Pamenepo mpamene ndinamvetsa kuti kwathu kulidi kutali, ndi kuti dziko lonse lino mulibe chinthu chimodzi chondidziwa. Ndinachita mantha, koma chisoni chinaposa manthawo.

Kenaka pachulu panangoti zii, ndipo ndinamva mawu a amayi ondipeza.

"Mwana ali kupi?"

"Ali pa zokambirana, mlongo," anayankha malume. "Zikuyenda pyadidi. Usasokoneze."

Phokoso limene linatsatira linali la nkhafi pamsana pa munthu, ndipo linamveka mpaka m'chitsimemo. Zinazo ndinachita kuuzidwa. Akuti anasolola chikuni pamoto wowotchera chimanga uja, natsika pachulu okha, n'kukayatsa bango louma m'malire a dimba lawo lomwe, mbali yochokera mphepo. Anthu anakuwa kuti mayi mukutentha chakudya chanu. Sanacheuke. Moto unathamanga m'udzu n'kulowa m'chimanga, utsi unatsikira m'chitsime, ndipo njati inayetsemula, inadzuka, n'kunyamuka monyinyirika kulowera kudambo. Ndinangoona nkhafi ikutsika pamaso panga. Ndinaigwira, ndipo anandizula ngati chinangwa.

Anthu sanasinthe maganizo ngakhale pang'ono. Chigamulo cha pachulu chinali chakuti zokambirana zinali pafupi kutha bwino, koma mayi wansanje anaziwononga. Malume anakhala zaka zambiri akuuza alendo kuti pakadapanda mlongo wawo, bwenzi iwo akulimitsa njati, ndipo zidzukulu zawo zimandifunsabe kuti inali itavomera zotani.

Tsiku limenelo amayi ondipeza anawasiya anthuwo akukangana pachulu. Anandigwira dzanja kupita nane kumtsinje, anandikhazika pamchenga n'kuyamba kundichotsa thope m'tsitsi. Nsidze zawo zinali zitapsa, mkono wawo utatuwa ndi phulusa. Kumbuyo kwathu chimanga cha chaka chonse chinali chiimire chakuda, ndipo tonse tinkadziwa kuti chaka chimenecho tidzadya nyika, timizu towawa ta m'dambo timene anthu amamira pofukula nthawi ya njala.

"Amayi," ndinatero, "sindinaname ayi. Kwathu timakweradi."

"Nkhabe, sunaname ayi," anayankha osasiya kundisambitsa. "Wabodza akadathawira pachulu pomwe paja. Iwe unapita ndi mchere."

"Nanga bwanji munkandiletsa?"

"Chifukwa abale anga ndimawadziwa. Akamaseka palibe vuto. Vuto ndi pamene ayamba kukhulupirira." Anachotsa msundu pabondo langa n'kuuponya m'madzi. "Tsopano undiuze ine ndekha, pang'onopang'ono, popanda mtondo. Amayi ako pokama ankakhala mbali iti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Ndinaiona njati yathu bwinobwino, mchira wake, chingwe chake, ngakhale chipsera cha pakhutu pake. Ndinaionanso mbiya ya mkaka. Koma amayi anga ndikawaika kumanzere sankakhalapo, ndikawaika kumanja sankakhalaponso, ndipo nditayesa kuyang'ana nkhope yawo ndinapeza kuti nayonso yayamba kufufutika. Miyezi yonseyo ndinkafotokoza za njati, osazindikira kuti wokamayo akundichoka.

Ndinalira kuposa mmene ndinalirira m'chitsime muja. Amayi ondipeza anangondikokera pafupi, nanditsamiritsa pachifuwa chawo chonunkha utsi, n'kupitiriza kundichotsa misundu mwendo winawo.