Ine ndi Bilimankhwe wa ku Dimba

Ndikudziwa kuti ena mumati ndimakometsera nkhani, koma iyi yokha ndikulumbira, sindinaonjezepo kanthu.

Ine bilimankhwe ndinkamuopa kuposa njoka. Nditakwatira ku Lifidzi, akuchikazi anandipatsa dimba la kachewere, osandiuza kuti mumtengo wa mapichesi wa pamenepo mumakhala mwini wake. Tsiku lomwe tinapenyana ndinataya khasu n'kudumpha mtsinje osanyowa, mtsinje woti ng'ombe zimachita kusambira. Kachewere anayamba kufota, ndiye atsibweni a mkazi wanga anati ngati mkamwini akuthawa dimba, iwo alipereka kwa wina wodziwa kuthirira.

Mnzanga wina wophunzitsa ana, pulofesolo wa pa sikola ku Ulongwe, anandiuza kuti mantha otere amatha pozolowera pang'onopang'ono. Anati ndiyambe n'kuyang'ana chithunzi pa telefoni mpaka mtima ukhale pansi, kenako ndikaime patali ndi mtengowo ndikupuma mofatsa, ndipo ndisasendere pafupi miyendo isanaleke kunjenjemera.

Zinkayenda bwino ndithu, koma chithunzi chija chinali cha wobiriwira, ndiye ine ndinazolowera wobiriwira. M'mawa wina ndinapeza wofiirira pa nthambi yomweyo, ndipo ndinakuwa mpaka agalu a ku Domwe anayankha. Mnzanga uja anati ndi yemweyo wangosintha khungu. Nanga ngati ndi yemweyo, bwanji mtima wanga sunamuzindikire? Ndinayambiranso pachiyambi, mtundu uliwonse paokha.

Chomwe chinandisokoneza kwambiri n'chakuti ndikasendera phazi limodzi, iyenso ankatsika nthambi imodzi, akunjenjemera ngati ine, diso lina kwa ine lina kothawira. Kodi ankazolowera mnzake ndani? Mkazi wanga ankati akatiyang'ana patali sankadziwa kuti bilimankhwe ndi uti, poti tonse tinkayenda mofanana.

Tsiku lomwe atsibweni anabwera kudzaona ngati ndikuthiriradi, ndinali pansi pa mtengowo ndi chitini m'manja. Ndinamva kanthu kakukwera pamkono wa malaya, zala zake zikugwira ngati mwana wakhanda. Mutu unati thawa, koma miyendo inali itazolowera kudikira, ndiye ndinaima n'kumapuma. Ndinawafunsa atsibweni mwaulemu ngati angandichotsereko mlendoyo. Nditacheuka ndinangoona chipewa chawo pa mzere, eni ake ali kale kumtunda, akukuwa kuti dimbalo ndi langa mpaka imfa ndipo ndisawaitanenso kumeneko.

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachira kapena ndinangouma ndi mantha pa nthawi yabwino. Chomwe ndimakhulupirira n'chakuti kuzolowera pang'onopang'ono kumathandiza, chifukwa tsopano ndimathirira bilimankhwe uja ali pamwamba panga, ngakhale moni sitipatsana. Koma inu amene mukufuna kuyesa, musadumphe sitepe, ndipo musalole achibale kukuponyerani chinthucho pakhosi ati kukuthandizani. Komanso yambani mwafunsa ngati chomwe mumaopacho chili ndi mtundu umodzi.