Tsiku Limene Adzukulu Anakana Kukumba

M'chaka cha 2002, chaka cha njala, ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza chimodzi. Mvula ili pakati, mng'ono wanga anamwalira m'nyumba mwanga, kwathu ku Mlangeni.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4 kuti iye aphunzire. Bambo atatisiya ndinagulitsa ng'ombe zitatu, iye n'kupita ku sekondale. Anayamba ngati kalaliki pa boma, nakhala bwanamkubwa, kenaka mlembi wamkulu wa unduna ku Lilongwe. Sanabepo ngakhale cholembera. Matipati atabwera anamupumitsa ntchito, nyumba ndi galimoto n'kubwerera kwa eni ake. Matenda a shuga atamufooketsa, mkazi wake anabwera naye kwa ine.

Koma zaka zonse za ubwana wake, maliro a pamudzi sankafikapo. Ankatuma dalaivala ndi thumba la mpunga. Ndinkamuuza kuti, "Iwe, maliro satumira munthu." Iye ankayankha, "Achimwene, ntchito ya boma siima."

Kutacha ndinatumiza uthenga kwa adzukulu, anyamata okumba manda. Dzuwa linakwera, kumanda sikunamveke khasu. Ndinapita ndekha. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa pichesi akutafuna misinde. Mkulu wawo, mwana woti anabadwa ine ndili kale pabanja, sanadzuke n'komwe.

"Madala, mwabwera wapansi? Dalaivala ali kuti?" Anzake anaseka.

"Kakumbeni. Mtembo sudikira."

"Amayi anga atamwalira, abwana anatumiza mpunga. Ifenso titumiza makasu. Akakumba okha."

"Ine ndinajombapo maliro ati?"

"Inu ayi. Anu tidzakumba, akuya bwino. Koma a lero si anu."

Ndinabwerera. Kunatentha, ndipo m'nyumba ya siwa munayamba fungo. Amayi a mpingo ankaimba nsalu zili pamphuno. Mlamu wanga anandigwira mwendo. Boma linatumiza nkhata ya maluwa ndi amuna awiri a masuti, amene anakhala m'galimoto akuyang'ana mawotchi.

Ndinatenga khasu. Mkazi wanga anatsekereza pakhomo.

"Abambo, mwini maliro sakumba. Mukatero, ndiye kuti mwautukwana mudzi wonse. Ine ndikadzafa mudzandikumbiranso nokha?"

Anandilanda khasulo mosavuta. Njala inali itandimaliza manja.

Ndinabwereranso ku mtengo wa pichesi. Ine sindinagwadirepo munthu, ngakhale a chipani nthawi ya makadi. Tsiku limenelo ndinavula chipewa, n'kugwada m'matope pamaso pa ana.

"Analakwa. Ndavomera. Koma wolakwayo sakumvanso. Akumva fungo ndi ife."

Panalibe anaseka. Mkulu wawo anayang'ana kumbali.

"Dzukani, madala, mutipatsa tsoka. Mlanduwo ulipo, koma taonaninso manjawa. Tinadya liti? Dothi la kumanda kuja ndi la miyala."

Mbuzi zonse ndinali nditasinthitsa ndi chimanga. M'khola munatsala ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, zimene ndinkanyamulira mbatatesi kupita kumsewu. Ndinamasula imodzi, yakuda, n'kuwapatsa chingwe m'manja. Anaipha, nawotcha, nadya. Kenaka anakumba, ndipo manda ake anali owongoka bwino, sindinganame. Tinamuika dzuwa likulowa. A masuti aja anali atapita kale, atasiya nkhata pakhonde.

Ng'ombe imodzi siikoka ngolo. Chaka chimenecho mbatatesi zambiri zinawolera kumunda, ndipo ng'ombe yotsalayo ndinaigulitsa isanafike mvula ina.

Anthu amati mng'ono wanga anatumikira dziko. N'zoona, ndipo ndimanyadira. Koma ine ndimawerenga motere: ng'ombe zitatu za sukulu, imodzi ya manda, imodzi yotsala yopanda inzake. Ngolo imodzi, yomwe inadyedwa ndi chiswe. Sukulu yanga. Mng'ono mmodzi, ndipo ndinalibe wina. Ndi maondo awiri, amene anagwira dothi pamaso pa ana.